Kumene Nsomba za Bass Zibisala pa Chisanu ku America

Nkhani ya pa wailesi ya alimi ndi mafumu a m'midzi



Lero tichoka kuno kwathu, tipite ku dziko la United States of America, tikamve za nsomba ziwiri za m'nyanja za madamu, ndi za nzeru imene asodzi a kumeneko anaiphunzira pang'ono pang'ono, ya kudziwa kumene nsombazo zibisala pa nyengo ya chisanu. Kapena wina alikunena mumtima kuti, "Ine ndine wa khasu, nsomba za kutsidya kwa nyanja zindipindulira chiani?" Musatseke wailesi, bambo. M'nkhani imeneyi muli minda imene inamira, muli manda amene anasamutsidwa, muli mbeu ya haibridi yonga chimanga chija mumagula chaka ndi chaka, mulinso lamulo la Boma. Zonsezi mumazidziwa kale.

Muyambe mwadziwa kuti chisanu cha kumeneko sichigwa pamodzi ndi chathu. Chao chiyamba mu December, chikula mu January, ndi kutha mu February kapena March. Pamene inu muli m'munda kupalira ndi kubandira, mvula iri pamsana, msodzi wa ku Texas kapena ku South Carolina ali m'boti atabvala majasi awiri, zala zitauma ndi kuzizira, alikuyang'ana nyanja yaikuru imene iri zii, ngati mulibe kanthu. Nsomba zirimo ndithu, koma zaunjikana pa malo ochepa, ndipo kwina konse ndi madzi okha okha.

NSOMBA YA MUMTSINJE NDI NSOMBA YA M'NYANJA YA MCHERE

Nsomba yoyamba eni ache amaitcha white bass, ndiko kunena bass yoyera. Kwao kwache ndi m'mitsinje ya chigwa cha Mississippi ndi m'nyanja zazikuru za kumpoto kwa dzikolo. Siikula kwambiri iai. Zambiri zimalemera paundi imodzi kapena mapaundi awiri, ndipo yaikuru imene inagwidwa ku Virginia mu 1989, nilembedwa m'mabuku ngati yoposa zonse, inali ya mapaundi 6 ndi maaunsi 13. Chisanu chikatha, nsomba zimenezi zimakwera mitsinje mwa chigulu kukaikira mazira pa miyala, monga mpasa zichitira mu mtsinje wa Bua. Mazira ache ndi omata, amakanirira pa mwala pomwepo mpaka kuswa.

Nsomba yachiwiri ndi mwana wa bass yoyerayi, koma kuti mumvetse za mwanayo tiyenera kuyamba tanena za mache, amene ndi striped bass, bass ya mizere. Iyi ndi nsomba ya m'nyanja ya mchere ya Atlantic, yaitali, ya mizere yakuda yochokera kumutu mpaka kumchira, ndipo imakula zedi. Ina imene inagwidwa ku Connecticut mu 2011 inalemera mapaundi 81 ndi maaunsi 14, pafupi fupi magawo atatu mwa magawo anai a thumba la chimanga la makilo 50.

Azungu oyamba kufika ku gombe limenelo anapeza nsombazi ziri zambiri mbiri, kotero kuti anayamba kuzikwirira m'minda ya chimanga ngati manyowa. Akuru a dziko la Massachusetts ataona kuonongeka kwache, mu 1639 anaika lamulo loletsa kuthira bass ya mizere m'munda. Mu 1670 a ku Plymouth anagamula kuti ndarama za msonkho wa usodzi wa ku Cape Cod, kumene kunali kugwidwa nsomba zimenezi pamodzi ndi zina, zilipire sukulu ya ulere. Ndipo mu 1879 tiana ta nsombayi tokwana 132 tinatengedwa ku mtsinje wa Navesink ku New Jersey, tinakwera sitima ya pamtunda, tinaoloka dziko lonselo ndi kukatayidwa m'madzi a pafupi ndi San Francisco, kumene tinaswana ndi kuchuruka.

Koma konseko nsombayi inali ndi njira yopita ku nyanja ya mchere. Imakwera mtsinje kukaikira mazira, ikatha ibwerera. Mazira ache samata ngati a inzache ija. Amayandama pakati pa madzi, ndipo afunika kutengedwa ndi mtsinje woyenda kwa masiku awiri mpaka ataswa. Madzi akaima, mazira amamira m'matope ndi kufa. Chifukwa chache panalibe amene anaganiza kuti nsomba yotere ingakhale moyo wache wonse m'nyanja ya pakati pa dziko.

MADZI ATSEKEDWA KU SANTEE

Mu 1939 Boma la South Carolina, ndi ndarama zochokera ku Boma lalikuru la President Franklin Roosevelt, linayamba kumanga madamu pa mitsinje ya Santee ndi Cooper kuti apange magetsi, pakuti masiku amenewo mafamu a kumeneko amene anali ndi magetsi anali owerengeka. Anthu a nchito oposa 12,000 analowa m'madambo ndi m'nkhalango ndi nkhwangwa ndi masowo. Mabanja 901 anachotsedwa pa malo ao, ambiri a iwo anthu akuda, alimi a minda yaing'ono. Manda oposa 6,000 anafukulidwa ndi kukaikidwa kumtunda. Inu mafumu mudziwa kulemera kwache kwa mau amenewa, pakuti palibe mlandu wobvuta pa bwalo woposa wa munda ndi wa manda.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayandikira, magetsi anafunika msanga, ndipo nchito yogwetsa mitengo inasiyidwa pa njira. Madamu anatsekedwa kumapeto kwa 1941, magetsi oyamba anaturuka mu February 1942, ndipo panabadwa nyanja ziwiri: Lake Marion ya maekala 110,000 ndi Lake Moultrie ya maekala 60,000. Mpaka lero mu Lake Marion muli ziputu ndi mitengo youma imene inamira chiriri.

Pamene makomo a madamu anatsekedwa, bass zina za mizere zinali kumtunda, ndipo zinatsekeredwa momwemo. Anthu anayesa kuti zidzakalamba ndi kutha. Koma zaka zinapita, asodzi nkumagwirabe, zazikuru ndi zazing'ono zomwe. Ena anati zimalowa pa chipata cha maboti cha pa damu la Pinopolis. Tsono cha m'ma 1954 kufikira 1957, katswiri wa za nsomba dzina lache George Scruggs anachera timaukonde ta maso ang'ono ang'ono m'mitsinje ya Congaree ndi Wateree, imene ithira mu Lake Marion, ndipo anapezamo mazira amoyo alikuyandama. Mitsinje iwiriyo inali yaitali ndi yothamanga mokwanira masiku awiri aja. Nsomba ya m'nyanja ya mchere inali itasanduka ya kumtunda popanda munthu kuiphunzitsa.

Mbiri imeneyi inakondweretsa akuru a za nsomba m'dziko lonselo, ndipo chifukwa chache nachi. Zaka zimenezo America anali kumanga madamu pa mtsinje uli wonse waukuru, ndipo nyanja zatsopanozo zinadzala ndi nsomba zochedwa shad, zoyenda mwa chigulu pakati pa nyanja monga usipa. Ziripo mitundu iwiri yofunika pa nkhani yathu. Ina, gizzard shad, imakula msanga kupyola phazi limodzi, ndiponso ndi ya minga yambiri, anthu saidya. Inzache, threadfin shad, ndi yaing'ono ngati chala kapena chikhatho, ndipo imaopa kuzizira koposa. Nsomba zolusa zimene zinalimo kale zinali zokonda kubisala m'mbali, m'maudzu ndi m'ziputu. Pakati pa nyanja panali msipu wambiri wopanda ng'ombe yoti idye. Bass ya mizere ndiyo inaoneka ngati ng'ombe yoyenera.

MBEU YA HAIBRIDI

Bvuto linali lakuti nyanja zambiri zinalibe mtsinje wautali wonga Congaree. Nyanja ya Texoma, ya pa malire a Texas ndi Oklahoma, imene damu lache linatha mu 1944, inachita mwai: nsomba zimene anayamba kuthiramo mu 1965 zinapezeka zirikuswana zokha mu 1974, mothandizidwa ndi mtsinje wa Red umene madzi ache ali ndi kamchere. Koma kwina konse kunafunika kuti anthu aziswetsa okha tiana ndi kumathira.

Nchito imeneyi inachitika ku Moncks Corner, pafupi ndi damu la Pinopolis, kumene Boma linatsegula malo oswetsera nsomba mu 1961. Katswiri wina, Robert Stevens, anapeza njira yobaya nsomba yaikazi jekeseni wofulumizitsa mazira kukhwima, kenaka ndi kuwafinyira m'beseni, kuwasakaniza ndi mbeu ya yaimuna, ndi kuwasunga m'mabotolo a madzi oyenda kuti asamire. Nsomba imodzi yaikuru iri ndi mazira oposa miliyoni. Mu 1965 Stevens anayesa china: anatenga mazira a bass ya mizere nawasakaniza ndi mbeu ya bass yoyera. Mazira anaswa, tiana tinakhala moyo, ndipo tinakula msanga kuposa ta makolo onse awiri. Ku South Carolina anaitcha palmetto bass. Ku Tennessee, kumene inathiridwa m'nyanja ya Cherokee, anaitcha Cherokee bass. Pambuyo pache a ku Florida anatembenuza, mazira a yoyera ndi mbeu ya ya mizere, ndipo imeneyo anaitcha sunshine bass. Ife tingoti bass ya haibridi.

Alimi a chimanga simudabwa ndi zimenezi. Haibridi imatenga mphamvu za uku ndi uku. Iyi inatenga msinkhu kwa mache, ngakhale siifika pa iye, pakuti yaikuru koposa, ya ku Greers Ferry ku Arkansas mu 1997, inali ya mapaundi 27 ndi maaunsi 5. Kwa atate wache inatenga thupi lophanuka ndi kupirira madzi otentha. Ndipo monga chimanga cha haibridi, siisunga mtundu. Ngakhale zina zimaikira mazira, sizichuruka zokha mokwanira, kotero Boma liyenera kuthira tiana chaka ndi chaka. Akuru a za nsomba anaona kuti nchabwino chimenecho, pakuti zikachuruka ndi kutha shad, amangochepetsa zothira.

Kupirira kutentha kuja kunaoneka phindu lache m'nyanja ya Cherokee yomweyo. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Charles Coutant ndi anzache a ku Oak Ridge anamangirira timawailesi pa bass zazikuru za mizere ndi kuzitsata. Anapeza kuti pa nyengo yotentha zimapanikizika: pamwamba madzi atentha, pansi mulibe mpweya wopuma, ndipo zimaunjikana pa akasupe ozizira ochepa, zimaonda, zina kufa kumene. Haibridi siibvutika chotero.

CHIMENE MADZI ACHITA PA CHISANU

Tsono tafika pa funso lathu. Kuti mudziwe kumene nsomba ziri pa chisanu, muyambe mwadziwa chimene madzi achita.

Pa nyengo yotentha, nyanja ya damu imakhala ngati nyumba ya zipinda ziwiri, china pamwamba pa chinzache. Madzi ofunda ndi opepuka, amakhala pamwamba. Ozizira ndi olemera, amakhala pansi, ndipo posakhudzana ndi mphepo, mpweya wao umatha. Nsomba sizingatsike kupyola malire amenewo, ndipo msodzi wodziwa kuya kwa malirewo wadziwa theka la nchito. Koma mu October ndi November madzi a pamwamba amazizira ndi kulemera, amamira, mphepo ibvundula, ndipo nyanja yonse imasakanizika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Inu a ku gombe la nyanja ya Malawi mwaona zofanana pang'ono, pamene mwera wa June ndi July ukweza madzi ozizira a pansi cha kumwera kwa nyanja. Kusakanizika kukatha, mpweya uli ponse ponse, ndipo nsomba ingakhale pa mapazi 5 kapena pa mapazi 60 monga ifuna. Mpanda wagwa, ziweto zamwazika.

Chimene chizisonkhanitsanso ndi chakudya. Nsomba iribe moto wa m'thupi ngati mbuzi kapena munthu, thupi lache limazizira pamodzi ndi madzi. Pa chisanu imagaya chakudya pang'ono pang'ono, siifuna kuthamanga mtunda wautali, ndipo imakhala pafupi ndi nkhokwe yache. Nkhokwe ya bass yoyera ndi ya haibridi ndiyo shad. Asodzi a kumeneko onse amabvomerezana pa mau amodzi: peza shad, wapeza bass.

Nanga shad zipita kuti? Nyengo yozizira ikamayamba zimalowa m'timitsinje ta m'mbali. Koma madzi osaya amazizira msanga usiku, ndipo kuzizira kukakula zimabwerera ku madzi akuya kumene kutentha sikusintha sintha, kawiri kawiri pa mapazi 25 kufikira 50, ndi kuunjikana m'magulu akuru othithikana ngati mtambo. Threadfin shad zija zimayamba kufooka ndi kufa madzi akatsika pansi pa madigiri 45 a Fahrenheit, ndiwo ngati 7 a Celsius. Zimasambira mozungulira, kugwa cham'mbali, ndi kumira pang'ono pang'ono zikunyezimira. Bass zimangokhala pansi pa mtambowo ndi kumatola zakugwa, monga nkhuku pansi pa nkhokwe yobooka.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Apa mpamene minda yomira ija ibweranso m'nkhani. Nyanja ya damu ndi dziko limene linali louma dzana dzanali. Pansi pache pakali mtsinje wakale ndi magombe ache ndi kukhota kwache konse. Pakali timakwawa timene tinali kuthira mumtsinjemo, zitunda zimene zinali minda, miseu ya ngolo, maziko a milatho ndi a nyumba. Pansi pa Texoma pali midzi ya Preston, Hagerman ndi Woodville. Pansi pa Cherokee pali malo akale a mudzi wa Bean Station. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa, ndipo nsomba nazonso siziiwala.

Shad zimatsata khwawa la mtsinje wakale monga anthu atsata mseu. Zimaima pa malo pamene pansi pasintha mwadzidzidzi: pa gombe lakale pamene mapazi 20 agwera ku mapazi 45, pa mathiriro pamene kamtsinje kanali kukomana ndi mtsinje waukuru, kunja kwa pokhota pamene madzi anakumba phompho, ndi pa chitunda chomira choyandikana ndi khwawa. Mtunda wolowa m'nyanja ngati lilime, umene nsonga yache ifika pa khwawalo, ndiwo malo amene msodzi aliyense amayambira.

Pamenepa nsomba ziwirizi zimasiyana khalidwe, ndipo msodzi wosadziwa kusiyanaku amataya tsiku. Bass yoyera pa chisanu imakonda pansi peni peni. Imagona mwa chigulu pa mchenga kapena pa miyala ya m'mphepete mwa khwawa, phazi limodzi kapena awiri kuchokera pansi, ndipo ikapezeka pa malo lero, kawiri kawiri mawa iri pomwepo kapena pafupi. January akamatha, magulu ache amasendera pang'ono pang'ono cha kumtunda kwa nyanja, kumene mtsinje ulowera, ndi kudikira m'maenje akuya a kumeneko nthawi yokwera. Haibridi ndi yoyenda yenda. Imalendewera pakati pa madzi, pansi pa shad, mwina pa mapazi 30 pamene pansi pali pa mapazi 70, ndipo gulu limene linali pano m'mawa lingakhale mailosi awiri kutali madzulo. Masiku atatu a dzuwa akatsatana, haibridi imatha kukwera kukasaka m'madzi osaya a gombe limene mphepo ilikuombako, pakuti madzi a matope pang'ono amafunda msanga ndi dzuwa ndipo shad zimakankhidwira kumeneko.

Zaka zoyamba, asodzi anali kufuna funa mapu akale amene anthu a Boma oyesa dziko anajambula madzi asanabwere, ndi kumayesa kuya ndi chingwe cha mtobvu. Ndipo taganizani za munthu amene anabadwira m'chigwa chimenecho, amene anadziwa pamene panali dooko, pamene panali chitsime, pamene mseu unakhotera ku chigayo. Iyeyo mapu anali nao m'mutu. Nchinthu chowawa kuchiganiza, kuti nzeru ya munthu wochotsedwa pa munda wache inasanduka nzeru yopezera nsomba pamwamba pa munda womwewo, ndipo kawiri kawiri opindula nayo anali alendo a maboti ochokera m'mizinda.

MBALAME, MADZI OFUNDA NDI BOKOSI LOBIRIWIRA

Chizindikiro chakale koposa ndi mbalame. Pa chisanu mbalame zoyera za ku gombe zochedwa gull zimabwera ku nyanja za madamu zambiri mbiri. Bass zikathamangitsa shad kuchokera pansi, zofooka ndi zolumidwa zimafika pamwamba, ndipo mbalame zimazungulira ndi kugwera pamenepo zikulira. Msodzi amayenda ndi magalasi oonera patali. Koma wanzeru salowa pakati pa mbalame ndi injini yolira, pakuti gulu limabalalika. Amazima injini patali, cha kumene mphepo ichokera, ndi kulola mphepo imfikitse. Ngakhale mbalame zongokhala phee pa madzi ziri ndi mau: sizikhala pa malo opanda kanthu.

Chizindikiro china chinabwera ndi magetsi. M'mbali mwa nyanja zambiri munamangidwa nyumba za makina opanga magetsi ndi malasha. Makinawo amatunga madzi a m'nyanja kuti adziziziritse, ndi kuwabweza atafunda. Pa chisanu shad zimathamangira ku madzi ofundawo monga ana ku moto wa m'mawa, ndipo bass zimazitsata. Bass ya mizere yaikuru koposa ya m'madzi opanda mchere, ya mapaundi 69 ndi maaunsi 9, inagwidwa mu February 2013 mu mtsinje wa Black Warrior ku Alabama, pafupi ndi makina otere a ku Gorgas. Makina amenewo anatsekedwa mu 2019, monganso ena ambiri a malasha, ndipo pamene moto wazima, nsomba za pa chisanu zabwerera ku makwawa ao.

Chimene chinasintha usodzi koposa zonse ndi kabokosi. Mu 1957 Carl Lowrance ndi ana ache awiri, Darrell ndi Arlen, a ku Joplin ku Missouri, anayamba kupanga makina ang'ono omvera pansi pa madzi, ndipo mu 1959 anaturutsa amene anthu anangowatcha bokosi lobiriwira. Kagwiridwe kache nkonga munthu wokuwa m'chigwa cha mapiri, mau ache ndi kumbwerera. Bokosi limatumiza kaphokoso pansi, kaphokoso kagunda chinthu ndi kubwerera, ndipo nthawi imene kapita ndi kubwera ndiyo isonyeza kuya. Kanyali kofiira kanali kuzungulira ndi kuthwanima pa nambala ya mapazi a pansi, ndipo kakathwanimanso pakati, msodzi anadziwa kuti pamenepo pali nsomba. Pambuyo pache kunabwera makina olemba pa pepala, kenaka a galasi longa la televizhoni, oonetsa shad ngati mtambo ndi bass ngati timauta pansi pache. Mu 2018 kampani ya Garmin inaturutsa ochedwa LiveScope, oonetsa nsomba irikusambira kutsogolo kwa boti nthawi yomweyo, ndipo asodzi akali kukangana ngati kumeneko kukali kuwedza kapena kwasanduka kutola. Ine ndiona kuti odandaulawo ali ndi mfundo, pakuti chisanu ndiyo nthawi imene nsomba zaunjikana pamodzi ndipo nzosabvuta kuzitha. Koma ngakhale makina a mtengo wotani amaona pafupi ndi boti pokha. Pa nyanja ya maekala 89,000 ngati Texoma, munthu ayenerabe kudziwa khwawa loti akayambire.

Akazipeza, kawedzedwe kache nkofatsa. Amaimika boti pamwamba peni peni pa gulu, ndi kutsitsa kachitsulo kolemera konyezimira kokhala ndi mbedza kunsonga. Akakweza pang'ono, amakasiya kagwe kokha kakugwedezeka, kuti kafanane ndi shad imene irikufa ndi kuzizira, ndipo nsomba imaluma pamene kalikugwa. Madzi akazizira koposa, a ku Texoma amatsitsa nyambo ya mphira yonga kansomba ndi kuigwira chete osaigwedeza konse, pamwamba pang'ono pa nsomba, pakuti bass imayang'ana kumwamba posaka. Ena amagogoda pansi pa boti ndi mtengo, gu, gu, gu, osalekeza. Kuno kwathu omenya madzi amafuna kuopsa nsomba kuti zithawire mu ukonde, koma kumeneko kugogoda nkoitana, ndipo amati nsomba zimabwera kudzaona chimene chirikuchitika.

YANG'ANANI LILIME

Nsomba ikalowa m'boti, mlandu wina uyamba. Lamulo la Texas, pa nyanja zambiri za m'dzikomo, lilola munthu kutenga bass zoyera 25 pa tsiku, zosachepera mainchesi 10. Koma haibridi ndi za mizere lilola 5 zokha, zosachepera mainchesi 18, pakuti zimenezi Boma linaonongerapo ndarama kuziswetsa, ndipo lifuna kuti zikule. Tsono haibridi yaing'ono ya mainchesi 13 imafanana kwambiri ndi bass yoyera yaikuru, ndipo pa chisanu zimadyera pa gulu limodzi la shad. Wolakwitsa amalipa faindi, ndipo mau akuti "sindinadziwe" samveka kwa mlonda wa nsomba, monga samvekanso pa bwalo lanu, mafumu.

Mizere imathandiza pang'ono. Ya haibridi ndi yakuda bwino koma yoduka duka, ndipo ingapo imafika kumchira. Ya bass yoyera ndi yofuwira, ndipo kawiri kawiri umodzi wokha ndiwo ufika kumchira. Koma umboni umene alonda amaukhulupirira uli m'kamwa. Msodzi amatsegula kamwa la nsomba ndi kuyang'ana kumbuyo kwa lilime, kumene kuli timano tating'ono tokhakhala. Bass yoyera iri ndi kachigamba kamodzi ka timano timeneti. Haibridi iri ndi tiwiri, monga mache. Ndiponso nsomba yochokera pakuya imabvuta kuibweza, chifukwa kathumba ka mpweya ka m'mimba mwache kamatupa ikakwezedwa pamwamba, ndipo ingalephere kumiranso.

Kumapeto kwa February kapena mu March, madzi akafika cha pa madigiri 55 a Fahrenheit, bass zoyera zazimuna zimayamba kuchoka m'maenje aja ndi kukwera mitsinje, zazikazi ndi kutsata pambuyo. Anthu amene alibe maboti amadzaza magombe ndi mbedza zao. Mbalame za gull zimabwerera kwao. Ndipo nthawi yomweyo anyamata a ku malo oswetsera nsomba amaturuka kukagwira zazikazi za mazira ndi zazimuna, kuti akakonze tiana ta haibridi tothira chaka chimenecho.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa. Tsalani bwino.